Ulendo wa ku Granada mu Januwale: tikadya chiyani, tikaona chiyani?

Mayi wa ku Mpondasi:

Salaam aleikum abale ndi alongo, moni nonse. Gulu lathu la kuntchito lili ndi msonkhano ku Granada m'dziko la Spain pakati pa Januwale. Za viza ndi matikiti a ndege zatheka kale. Ambiri m'gululi ndife Asilamu, ena ndi Akhirisitu, ndipo tonse ndi ana a m'mbali mwa nyanja amene kuzizira timangokumva. Msonkhano ukatha tidzakhala ndi masiku ochepa oyendayenda. Ndiye ndifunse odziwa: zakudya za nyengo yozizira kumeneko ndi ziti, nanga zopanda nkhumba ndi ziti? Ku Alhambra, nyumba zakale za mafumu achisilamu zija, amalowa bwanji? Tivale chiyani? Tingatenge ufa ndi usipa kuchoka kuno? Mutiuze zenizeni, tisakachite manyazi kwa eni.

Wophika wa ku Monkey Bay:

Waleikum salaam mayi. Ndiyambe ndi nkhani ya nkhumba chifukwa ndi pamene alendo ambiri amagwa. Ku Andalucía, chigawo chimene kuli Granada, miyezi yozizira ndiyo nyengo yophera nkhumba m'midzi, choncho zakudya zambiri zotenthetsa thupi zimaphikidwa ndi nkhumba. Vuto si nyama yooneka ndi maso ayi. Vuto ndi imene yabisala mumsuzi.

Mukafika pakati pa Januwale mudzapeza malo odyera ambiri atalemba pakhomo kuti Olla de San Antón. Ndi chakudya cha tsiku la San Antón, pa 17 Januwale, ndipo chimagulitsidwa masiku oyandikana ndi tsikuli. Amanyika usiku wonse nyemba zikuluzikulu zouma zotchedwa habas pamodzi ndi nyemba zoyera, m'mawa nkuziphika pamoto wochepa ndi khutu la nkhumba, mchira, fupa la msana ndi mafuta ake, kumapeto nkuthira mpunga pang'ono ndi soseji ya magazi yotchedwa morcilla. Anzanu achikhirisitu amene amadya nkhumba alawe ndithu, masana osati usiku, chifukwa ndi cholemera m'mimba. Inu musachiyandikire, ngakhale atanena kuti akuchotserani nyama. Chimodzimodzi plato alpujarreño: mbatatesi, dzira lokazinga, jamón (nyama ya nkhumba youmitsa ndi mchere), soseji ya nkhumba ya chorizo ndi morcilla m'mbale imodzi. Migas, zokazinga za ufa kapena nyenyeswa za buledi zimene amakonda kudya kukagwa mvula, kawirikawiri zimabwera ndi nyama ya nkhumba pambali kapena zosakaniza kale.

Mawu awa muwalembe pafoni, mukawaona pamndandanda wa zakudya mudziwe kuti ndi nkhumba: cerdo, jamón, tocino, panceta, chorizo, morcilla, lomo, manteca. Ndipo musafunse kuti "muli nyama?" basi. Operekera zakudya ambiri jamón samuwerenga ngati nyama, amamuona ngati chokometsera. Funsani kuti "¿Lleva cerdo o jamón?" kenako muonjezere "¿y el caldo?", kutanthauza msuzi umene aphikira. Msuzi wa nkhuku, wa mphodza, wa tchana, ngakhale wa masamba, nthawi zambiri amaponyamo fupa la jamón kuti ukome. Croquetas, timibulu tokazinga tokutidwa ndi nyenyeswa za buledi, zambiri zili ndi jamón mkati. Sopa de picadillo ndi sopa de ajo nazonso.

Chinanso chobisika ndi zotsekemera za Khirisimasi zimene zimakhala zikadali m'mashopu mu Januwale, polvorones ndi mantecados. Zimaoneka ngati mabisiketi wamba okulungidwa m'pepala, koma amapangira mafuta a nkhumba. Zilipo zina za mafuta a maolivi, zimalembedwa "de aceite de oliva" papaketi. Werengani musanagule.

Tsono zimene mungadye mtima uli m'malo. Choyamba ndi remojón granadino, chakudya cha nyengo ya malalanje: malalanje odulidwa, nsomba yamchere yotchedwa bacalao yonyotsolanyotsola, anyezi, maolivi akuda, dzira lowiritsa ndi mafuta a maolivi. Kumva koyamba munthu amadabwa kuti lalanje ndi nsomba zikumana bwanji, koma kutsekemera kwa lalanje kumathyola mchere wa nsombayo bwino kwambiri. Berenjenas con miel ndi mabilinganya okazinga othira uchi wakuda wa nzimbe. Papas a lo pobre ndi mbatatesi zophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ndi anyezi ndi tsabola wobiriwira wosawawa. Tortilla de patatas ndi mazira ndi mbatatesi. Koma tortilla del Sacromonte ndi ina: muli ubongo wa nkhosa kapena wa ng'ombe, ndipo ena amathiramo jamón. Nsomba zokazinga, makamaka boquerones, tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere, anthu a ku Mangochi simudzavutika nato.

Nyama ya halaal muipeza mosavuta mumsewu wa Calle Elvira ndi kamsewu kokwera ka Calderería Nueva, kumene kuli malo odyera a anthu ochokera ku Morocco ndi maiko ena achiarabu. Usiku kukazizira itanitsani harira, msuzi wa tomato, tchana, mphodza ndi nyama, kenako tiyi wa timbewu tonunkhira. Ndi wotsika mtengo ndipo umakhutitsa.

Za nthawi ya chakudya musadzakhumudwe. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko, mgonero cha m'ma 8:30 usiku kupita m'tsogolo. Pakati apo makhitchini ambiri amatseka. Idyani mokwanira masana pa menú del día, mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi chotsekemera pamtengo umodzi. Usiku gwiritsani ntchito mwambo wa Granada: m'malo ambiri mukagula chakumwa, ngakhale chozizira wamba, amakupatsani kambale ka chakudya kaulere kotchedwa tapa. Nenani msanga poitanitsa kuti "la tapa sin cerdo", chifukwa ikabwera kale patebulo kuibweza kumavuta.

Mphunzitsi wa ku Malindi:

Achimwene a ku Monkey Bay afotokoza bwino za m'mimba. Ine ndikambe za Alhambra, ndipo mawu anga oyamba ndi akuti gulani matikiti lero lomwe, musanakonze china chilichonse. Anthu olowa patsiku ali ndi malire, ndipo ngakhale mu Januwale masiku a Loweruka ndi Lamlungu amatha msanga. Gulani pa intaneti patsamba la Patronato de la Alhambra y Generalife, bungwe loyang'anira malowa. Pali masamba ena ofanana nalo amene amangogulitsanso pamtengo wokwera. Tikiti yoyenera ndi Alhambra General, ya ma euro 20 ndi pang'ono. Ilipo ina yotsika mtengo ya minda yokha, ndipo ambiri amaigula molakwitsa nkudzazindikira ali pakhomo kuti nyumba zachifumu salowa.

Tikiti iliyonse imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti ya mwini wake, ndipo pakhomo amafuna pasipoti yeniyeniyo. Amene akugulira gulu aonetsetse nambala iliyonse kawiri.

Patikitipo pali nthawi, mwachitsanzo 11:00. Nthawi imeneyo si yolowera pachipata chachikulu, ndi yolowera ku Palacios Nazaríes, nyumba zachifumu zenizenizo. Mukaiphonya, basi, salola. Kuchoka pachipata chachikulu chakumtunda kukafika pakhomo la nyumbazi ndi ulendo wa mphindi 15 kapena 20 wapansi, ndiye gulu la anthu ojambula zithunzi panjira lingachedwe mosavuta. Khalani pamzere mphindi 15 nthawi isanakwane. Zikwama zikuluzikulu za kumsana salola mkati, pali malo osungira.

M'nyengo yozizira, kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 31 Malichi, amatsegula 8:30 m'mawa nkutseka 6 koloko madzulo. Ine ndingalangize nthawi ya pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko. M'mawa kwambiri m'zipinda za miyala ndi matailosi zija mumazizira koopsa, dzuwa lenilenilo limatuluka cha m'ma 8:30. Konzani chonchi: kwerani kabasi kofiira ka C30 kuchokera pa Plaza Isabel la Católica, yambani ndi Generalife, nyumba ndi minda yopumuliramo mafumu, chifukwa ili pafupi ndi chipata, tsikani kupita ku nyumba zachifumu pa nthawi yanu, mumalizire ku Alcazaba, linga la asilikali. Amphamvu angathe kukwera wapansi kuchokera pa Plaza Nueva kudzera Cuesta de Gomérez nkulowera pa Puerta de la Justicia, pamene pali pafupi ndi nyumba zachifumu. Zonse pamodzi zimafuna maola atatu kapena anayi.

Kuti mudziwe chimene mukuona: Muhammad I, woyambitsa ufumu wa banja la Nasrid, anayamba kumanga Alhambra paphiri mu 1238. Zokongola kwambiri zinamangidwa m'zaka za m'ma 1300 mu ulamuliro wa Yusuf I ndi mwana wake Muhammad V. Mfumu yomaliza, Boabdil, inapereka mzindawu kwa mafumu achikhirisitu Fernando ndi Isabel pa 2 Januwale 1492, ndipo apo ndi pamene ulamuliro wa Asilamu ku Spain unathera. Amene munaphunzira kumadrasa mudzatha kuwerenga makoma nokha. Mawu amodzi abwerezedwa paliponse m'zilembo zachiarabu zosemedwa papulasitala, akuti palibe wopambana koma Mulungu. Pa Patio de los Arrayanes imani kumapeto kwa dziwe lalitali lija, madzi akakhala bata nsanja ya Comares imaoneka yonse m'madzimo. Pa Patio de los Leones pali mikango 12 ya mwala wa mabo yonyamula beseni la kasupe, ndipo bwalolo lazunguliridwa ndi nsanamira 124 zowonda. Mukalowa m'chipinda cha Dos Hermanas ndi cha Abencerrajes yang'anani kudenga, musangodutsa. Madzi onsewa ankachokera mumtsinje wa Darro kudzera m'ngalande yotchedwa Acequia Real, makilomita pafupifupi 6 kumtunda, opanda pampu, kungotsata kutsetsereka kwa nthaka. Ku Generalife kuli masitepe amene madzi amatsikira m'timigula ta pamwamba pa makoma ake. Maluwa mu Januwale ndi ochepa, musayembekezere zimene zili pazithunzi za mwezi wa Meyi.

Tsiku lina lipatseni Albaicín, dera lakale la nyumba zoyera paphiri loyang'anizana ndi Alhambra. Kwerani ndi kabasi ka C31, potsika muyende wapansi. Pa Mirador de San Nicolás ndi pamene Alhambra imaoneka yonse, kumbuyo kwake mapiri a Sierra Nevada atayera mbuu. Dzuwa limalowa 6 koloko itangopitirira, ndiye fikani cha m'ma 5:15. Pamakhala khamu, samalani mafoni ndi zikwama. Pafupi pomwepo pali Mezquita Mayor de Granada, mzikiti umene unatsegulidwa mu 2003. Munda wake uli ndi maonekedwe omwewo popanda kupanikizana, ndipo swala ya Juma mungakaswalire kumeneko.

Pakati pa mzinda zonse zili pafupipafupi. Capilla Real ndi kumene kuli manda a Fernando ndi Isabel, mkati salola kujambula. Moyang'anizana nayo pali Madraza imene Yusuf I anakhazikitsa mu 1349, chipinda chake chopemphereramo chikadalipo. Corral del Carbón inali nyumba yogona amalonda ndi kusungiramo katundu m'zaka za m'ma 1300. El Bañuelo, m'mbali mwa Darro, ndi mabafa a m'zaka za m'ma 1000. Pafupi ndi tchalitchi chachikulu pamakhala amayi ogawa timasamba tonunkhira. Mukalandira amagwira dzanja lanu, kuyamba kulosera, kenako kufuna ndalama. Manja m'thumba, "no, gracias", pitirizani.

Mayi wa ku Mpondasi:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, za nthawi yapatikiti zija tikadagwa nazo. Achinyamata a m'gulu lathu akukakamira zokagwira chipale chofewa kuphiri la Sierra Nevada. Nzotheka pa tsiku limodzi? Nanga za zovala ndi usipa zija?

Mkulu wa pa Boma:

Nzotheka mayi, koma tiyambe ndi kuzizira kwa mumzinda momwemo. Anthu akamva kuti kum'mwera kwa Spain amaganiza kuti kumatentha chaka chonse. Granada ili pamtunda wa mamita pafupifupi 700, patsinde pa mapiri aatali. Mu Januwale masana kumafika madigiri 12 kapena 13, usiku kumatsikira pa 1 kapena 2, masiku ena pansi pa 0. Tengani kuzizira kwa ku Dedza mu Juni, muonjezerepo, ndipo kukhale kosatha mpaka 10 koloko m'mawa.

Jekete limodzi lalikulu pamwamba pa malaya opyapyala silithandiza. Valani zosanjikiza: chamkati chogwira thupi cha manja aatali, juzi, kenako jekete lotchinga mphepo. Masana dzuwa likawala muvula chimodzi, madzulo nkubwezera. Amayi ovala madiresi aatali avale thalauza yothina mkati. Sokosi zochindikala, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi mpango wa m'khosi. Zonsezi pakaunjika mumsika wa pa Boma zimapezeka motchipa chifukwa kuno palibe amazifuna. Jekete likhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi, chifukwa mphepo imakulandirani pakhomo la bwalo la ndege. Chosowa mukagule komweko, kuyambira pa 7 Januwale mashopu amatsitsa mitengo, amati rebajas. Nsapato zikhale za mphira pansi. Misewu ya Albaicín ndi ya timiyala tosalala, kukagwa mvula timaterera. Mpweya ndi wouma, milomo ndi zala zimang'ambika, vaselini asatsale.

Posungitsa malo ogona onetsetsani kuti alemba calefacción, kutanthauza kuti muli chotenthetsera. Nyumba zakale zinamangidwa kuti zizizizira m'chilimwe, m'nyengo ino zimasanduka firiji. Ndipo chonde, wina asayerekeze kuyatsa makala kapena kusiya chitofu cha gasi chikuyaka m'chipinda chotseka kuti afunde. Mpweya wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Nambala ya ngozi ndi 112. Masoketi awo ndi a timabowo tiwiri tozungulira, mapulagi athu a mano atatu salowa, gulani adaputa. Nthawi yawo mu Januwale ili kumbuyo kwa yathu ndi ola limodzi.

Za kuphiri: basi imanyamuka pa Estación de Autobuses kupita ku Pradollano, mudzi wa masewera otsetsereka pachipale, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,100. Ulendo wake sukwana ola ndi theka, kawirikawiri ola limodzi. Gulani tikiti yopita ndi yobwerera nthawi imodzi, mabasi ndi ochepa patsiku ndipo yomaliza ikakusiyani takisi ndi yodula. Musabwereke galimoto. Chipale chikagwa pamsewu pamafunika matcheni a matayala, ndipo kuyendetsa kwake ndi kwa dzanja lamanja. Tengani magalasi a dzuwa, kuwala kobwerera pachipale kumapweteka maso. Nsapato za nsalu zimanyowa m'mphindi zochepa ndipo zala zimachita dzanzi. Amene ali ndi vuto la mtima kapena mphumu atsale mumzinda. Kunena zoona, masiku akakhala ochepa ine ndingaike Alhambra ndi Albaicín patsogolo, phiri likhale la tsiku lotsala, ndipo likhale tsiku lopanda mitambo ndi mphepo.

Wophika wa ku Monkey Bay:

Za katundu wa m'sutikesi. Malamulo a maiko a European Union salola munthu wochokera kunja kulowetsa nyama kapena zamkaka, ngakhale zouma. Zipatso ndi masamba aawisi nazonso zimafuna chikalata, ndiye mango asiyeni. Koma nsomba youma kapena yowamba yodya nokha amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu. Usipa ndi utaka zingapite. Ziumitseni bwino, muzikulunge m'mapulasitiki awiri kapena atatu omata, apo ayi zovala zonse zidzanunkha. Ufa tengani makilogalamu awiri kapena atatu ngati malo anu ogona ali ndi khitchini. Ukatha, m'mashopu a anthu a ku Latin America ndi m'masupamaketi ena muli ufa woyera wa chimanga wa Harina P.A.N. Umenewu ndi wophikaphika kale, umalimba msanga. Thirani pang'onopang'ono m'madzi otentha mukuvundula, mphindi 5 nsima yapsa. Mukathira wambiri nthawi imodzi ngati ufa wa kwathu, imachita mibulu.

Ngati khitchini ilipo, remojón mungapange nokha kwa anthu anayi: malalanje 4 akuluakulu, bacalao magalamu 200, anyezi wamasamba 2, mazira 2 owiritsa, maolivi akuda dzanja limodzi, mafuta a maolivi masupuni 4. Pogula funsani bacalao desalado, yochotsedwa kale mchere. Mukagula youma yeniyeni iyenera kunyikidwa m'madzi mufiriji maola 24 mpaka 48, kusintha madzi maola 8 aliwonse, kupanda apo simungaidye. Sendani malalanje mpaka khungu loyera lichoke chifukwa ndilo limawawa. Mchere musathire musanalawe. Zosakanizazo zikhale ola limodzi musanadye. Nsomba ndi zipatso mungagule pa Mercado de San Agustín pafupi ndi tchalitchi chachikulu, m'mawa. Malalanje a m'mitengo ya m'misewu musathyole, ndi owawasa, si odya. Pamsikapo mudzaona chirimoya, mtundu wa mpoza waukulu wolimidwa kugombe la Almuñécar, ndipo nyengo yake ndi yomweyi. Sankhani wofewa pang'ono mukaudina, wolimba usiyeni masiku awiri panja pa firiji.

Chimene musachiphonye ndi churros con chocolate pa Plaza Bib-Rambla, m'mawa kapena cha m'ma 5 koloko madzulo. Ndi ufa wa tirigu, madzi ndi mchere, zokazingidwa m'mafuta a zomera, mumasunsa mu chokoleti chotentha cholimba. Mbale imodzi imakwanira anthu awiri. Idyani zikadali zamoto, zikazizira zimalimba ndipo mafuta amamveka. Chokoleticho mungadzapangenso kuno: mkaka lita imodzi, chokoleti chakuda magalamu 200, shuga masupuni 2 kapena 3, ndi masupuni 2 a ufa wosalala wa chimanga wolimbitsira msuzi. Ufawo usungunuleni kaye mumkaka wozizira pang'ono, mukauthira mwachindunji mumkaka wotentha umaundana. Moto ukhale wochepa ndipo musasiye kutakasa, pansi pamapserera msanga. M'misewu mudzaonanso ogulitsa castañas, mtundu wa mtedza waukulu wa mumtengo, zootcha pamakala, amaika m'kapepala kopindidwa. Mulibe chokayikitsa, ndipo zimatenthetsa manja.

Mphunzitsi wa ku Malindi:

Ndionjezere ziwiri pa zakumwa ndi zotsekemera. Wina angakuuzeni kuti muitanitse mosto chifukwa ndi madzi a mphesa opanda mowa. M'mabotolo a m'mabala ambiri ndi choncho, koma m'midzi yozungulira Granada, monga Huétor Vega, mosto ndi vinyo watsopano wa chaka chomwecho, ndipo nyengo yake ndi yozizirayi. Nenani "sin alcohol" nthawi zonse. Nyama ya mbuzi yotchedwa choto al ajillo nayonso kawirikawiri amaphikira vinyo. Piononos, timakeke tonyowa ta ku Santa Fe, ophika ena amathira mowa m'madzi a shuga onyowetsera, ndiye funsani musanagule bokosi. Madzi a pampopi ku Granada ndi abwino kumwa, ndipo m'malo odyera mukapempha "agua del grifo" amakupatsani kwaulere. Lamlungu masupamaketi ambiri ndi msika amatseka, zogula zanu zithe Loweruka.